Banki Yakana Kukonzanso Ngongole: Mungatani Kuti Nyumba Isapite?

Kabuku ka mabanja a m'boma la Mwanza

Kabukuka talembera inu amene munapereka nyumba kapena puloti ngati chikole potenga ngongole, zinthu zavuta, mwapita kukapempha kuti akuchepetsereni zobweza pamwezi kapena akuwonjezereni nthawi, koma mwabwerako ndi yankho lakuti sizitheka. Kukana kumeneko sikutanthauza kuti mawa m'mawa katundu wanu akhala pabwalo. Pakati pa tsiku lokanidwa ndi tsiku logulitsa nyumba nthawi zambiri pamakhala miyezi, ndipo zimene banja lichite m'miyezi imeneyo n'zimene zimalamula ngati litsale ndi nyumba, litsale ndi ndalama zoyambira kwina, kapena litsale chimanjamanja ngongole ikadalipobe.

Kuno ku Mwanza ndi ochepa amene anatenga ngongole yogulira nyumba yomangamanga, monga zimakhalira ku Blantyre kapena ku Lilongwe. Ambiri nyumba anamanga okha pang'onopang'ono: chaka chino kuumba ndi kuwotcha njerwa, chaka chamawa malata, simenti pambuyo. Nyumba itatha, mapepala atatuluka, ndiye anaikoleka kuti apeze mpamba. Wina anagula minibasi yoyenda mumsewu wa M6, wina amakaoda katundu ku Tete kapena ku Johannesburg, wina amapikula manachesi kuminda n'kukagulitsa ku Blantyre, wina anamanga zipinda zogona madalaivala a mathiraki amene amadikira mapepala pachipata cholowera ku Zobue. Geni ikatsika, chogwidwa si geniyo ayi, koma denga limene ana akugonamo.

Ndipo zaka zapitazi geni yatsikira anthu ambiri popanda kulakwa kwawo. Mu May 2022 mphamvu ya kwacha inatsitsidwa ndi 25 peresenti, mu November 2023 inatsitsidwanso ndi 44 peresenti. Wooda katundu kunja anangoona mpamba wake ukugula theka la zimene unkagula. Mu March 2023 namondwe wa Freddy anasakaza chigawo chakummwera, chaka chotsatira kunabwera ng'amba. Mu February 2024 Reserve Bank of Malawi inakweza chiwongoladzanja chake kufika pa 26 peresenti, ndipo popeza ngongole zambiri zimatsatira mlingo umene mabanki amalengeza mwezi ndi mwezi, anthu anapezeka akubweza zochuluka kuposa zimene anauzidwa posayina. Choncho musadzione ngati ndinu nokha. Komanso musayembekezere kuti banki ikukhululukirani chifukwa cha zimenezi, pakuti iwonso amazidziwa ndipo akana akuzidziwa.

Sabata yoyamba: mapepala

Musayambe ndi kuthamangira kwa loya kapena kwa achibale. Yambani ndi kusonkhanitsa mapepala m'chikwama chimodzi. Pakufunika pangano la ngongole limene munasayina, chikalata cha chikole, sitetimenti yonse kuchokera tsiku limene munalandira ndalama mpaka lero, malisiti onse a zimene mwabweza, makalata onse ochokera kubanki pamodzi ndi maenivelopu ake, ndi pepala la katswiri amene anawerengera mtengo wa nyumba. Ngati china mulibe, kachipempheni kubanki. Kupempha sitetimenti ya ngongole yanu si kupempha chifundo.

Kenako pemphani kuti kukana kuja akulembereni m'kalata, ndi chifukwa chake. Anthu ambiri amakanidwa pakamwa ndi wogwira ntchito wapakauntala kapena woyang'anira ngongole zapanthambi, pomwe amene amagamula nkhani zoterezi amakhala kulikulu. Chifukwa chake n'chofunika kuchidziwa, popeza chimakuuzani pokonza. Akati ndalama zimene mumapeza sizikuoneka, ndiye kuti mukufunika umboni wa malonda anu. Akati mwatsalira miyezi yambiri, ndiye kuti nkhani ili pa kupeza ndalama yotsekera miyeziyo. Akati ngongole yayandikira mtengo wa nyumba, dziwani kuti akuganiza zogulitsa.

Sitetimenti muiwerenge mzere ndi mzere, pensulo ili m'manja, pamodzi ndi munthu wodziwa masamu, kaya ndi mphunzitsi kaya mlembi wa banki mkhonde yanu. Chongani ndalama iliyonse imene munaika, muone ngati yalowa. Zungulizani chilichonse cholembedwa ngati chindapusa, ndalama za loya kapena za inshuwalansi, ndipo mufufuze m'pangano ngati munagwirizanadi zimenezo. Zolakwika zimapezeka ndithu, ndipo cholakwika chimodzi cholozeka ndi chala chimatsegula khomo limene misozi singatsegule.

Gulaninso kope. Tsiku lililonse limene mwalankhula ndi a kubanki lembani deti, dzina la amene mwalankhula naye ndi zimene wanena. Kalata iliyonse imene mukupereka ikhale ndi inzake yofanana, ndipo akudindireni chidindo pa yanuyo.

Zimene lamulo likunena

Ngati malo anu analembedwa pansi pa lamulo la Registered Land Act, gawo 68 likuti mukalephera kubweza kwa mwezi wathunthu, wobwereketsa angathe kukupatsani kalata yochenjeza yokuuzani kuti mulipire. Mukapanda kutero pasanathe miyezi 3 chilandirireni kalatayo, pamenepo ndi pamene amakhala ndi mphamvu yogulitsa nyumbayo, kapena kuika munthu woti azitolera lendi yake. Miyezi itatuyi imawerengedwa kuchokera tsiku limene kalata yakufikani, n'chifukwa chake tati musataye enivelopu. Malo ena ali ndi mapepala a mtundu wakale olembetsedwa pansi pa lamulo lina, ndipo kumeneko zambiri zimadalira mawu a m'pangano lanu. Musangoganiza kuti muli ndi miyezi itatu. Onetsani mapepala anu kwa wodziwa malamulo akuuzeni mbali imene muli.

Gawo 71 la lamulo lomweli likuti wogulitsa nyumba yachikole achite zimenezo mokhulupirika, moganiziranso mwini nyumbayo. Sakuloledwa kuitaya pamtengo wa bonya chifukwa choti iye akungofuna zake. Koma gawo lomweli lili ndi mbali yowawa: nyumba ikagulitsidwa, dzina n'kusinthidwa, ngakhale pakhale kuti kagulitsidwe kanalakwika, chimene mungapeze kukhoti ndi chipukutamisozi kuchokera kwa wogulitsayo, osati nyumba. Nkhondo yonse ndi yomenya nyumba isanagulitsidwe.

Zina ziwiri muzisunge m'mutu. Nyumba isanagulitsidwe muli ndi ufulu woiwombola polipira ngongole ndi zimene awononga poitsatira. Ndipo ikagulitsidwa, banki imachotsapo zolipira pogulitsa ndi ngongole yake, zotsala n'zanu. Zikapanda kukwana, chotsalacho chimakhalabe ngongole yanu.

Masamu amene ambiri sachita

Pempho limene anthu ambiri amapita nalo kubanki ndi lakuti awawonjezere zaka. Tiyeni tione ngati limathandizadi. Tiyerekeze kuti mwatsala ndi ngongole ya K10,000,000 pa chiwongoladzanja cha 30 peresenti pachaka. Chiwongoladzanja chokha pamwezi ndi K250,000. Mukamabweza m'zaka 5, pamwezi muzipereka pafupifupi K323,500. Akakuwonjezerani kufika zaka 10, muzipereka pafupifupi K263,600. Zaka zawirikiza, koma mpumulo wake ndi K60,000 yokha pamwezi, ndipo pomaliza mudzakhala mutapereka ndalama zoposa K31,000,000 m'malo mwa K19,400,000.

Tsopano tiyerekeze kuti banja lapeza K3,000,000 n'kuidula pa ngongole yeniyeniyo, kutsala K7,000,000. M'zaka 5 zomwe zija, zobweza pamwezi zitsika kufika pafupifupi K226,500. Mpumulo wake ndi K97,000, popanda kuwonjezera ngakhale chaka chimodzi.

Apa ndiye pagona nkhani ya kabuku kano. Pamene chiwongoladzanja chili chokwera chonchi, nthawi si bwenzi la wangongole. Mwezi uliwonse wongodikira, kuyembekeza kuti mwina manachesi achita bwino chaka chino kapena mwana wa ku Joni atumiza kanthu, K250,000 ikuwonjezeka, kuphatikizapo chindapusa. Chimene chimapulumutsa nyumba ndi kudula ngongole msanga ndi ndalama yooneka, ndipo ngati zimenezo sizingatheke, kuvomereza msanga n'kugulitsa nokha. Chitani masamu omwewa ndi manambala anu. Mukapeza kuti ngakhale chiwongoladzanja chokha cha pamwezi simungachikwanitse ndi zimene mumapeza, dumphani mukawerenge gawo la kugulitsa nokha, musadzivutitse ndi zapakatizi.

Kubwereranso kubanki, koma ndi kanthu m'manja

Pempho loyamba la ambiri limakhala lakuti "tithandizeni, zinthu zavuta." Lachiwiri likhale lonena ndalama, deti ndi kochokera ndalamazo. Banki nayonso kugulitsa nyumba ya ku Mwanza sikuikonda kwenikweni. Ogula nyumba za mamiliyoni kuno ndi owerengeka, pamafunika kulipira otsatsa malonda, maloya ndi owerengera mtengo, ndipo zimatenga nthawi. Munthu wobwera ndi ndondomeko yomveka amawapeputsira ntchito.

Kalata yake isatalike. Ingathe kukhala motere:

"Kwa Mkulu Woona za Ngongole. Ine, mwini ngongole nambala yakutiyakuti, ndalandira kalata yanu ya pa deti lakutilakuti yokana pempho langa. Ndikuvomera kuti ndatsalira miyezi 4. Ndikupempha kuti muunikenso nkhaniyi potengera izi: pofika pa 30 mwezi uno ndipereka K1,500,000 kuchokera pa kugulitsa galimoto yanga, ndipo pangano la wogula ndaliphatika pano. Kuyambira mwezi wamawa nyumbayi ikhala ndi alendi, ndipo lendi yonse izilowa mwachindunji ku akaunti ya ngongole. Ndikupempha kuti muimitse chindapusa ndi zokonzekera kugulitsa kwa masiku 90, ndiponso kuti yankho lanu likhale lolemba."

Kalata yotereyi ipite kunthambi, inzake ipite kulikulu ku ofesi yolandira madandaulo. Musalonjeze ndalama imene simukutsimikiza. Lonjezo lachiwiri likaphonyeka, lachitatu palibe adzalimve. Ndipo pamene mukudikira yankho musasiye kuponya kangachepe kamene muli nako, chifukwa sitetimenti yoonetsa kuti munthu akuyesetsa imalankhula bwino kulikulu ngakhalenso kukhoti.

Mungapemphenso zinthu zing'onozing'ono zimene poyamba simunatchule: kuti akuchotsereni chindapusa mukalipira miyezi yotsalira, kuti kwa miyezi ingapo muzilipira chiwongoladzanja chokha, kapena kuti masiku obwezera agwirizane ndi nyengo imene mumapeza ndalama. Mlimi wa manachesi kapena mbatatesi salandira ndalama mwezi ndi mwezi ngati wapantchito, ndipo ngati simunafotokoze zimenezi ndi manambala, wa kulikulu sangazilote.

Nkhani ifike pabanja

Ngongole zambiri zimafika poipa chifukwa cha chinsinsi. Bambo amabisa makalata m'galimoto kapena kushopu, mayi n'kudzadziwira kwa aneba amene aona chithunzi cha nyumba m'nyuzipepala. Nthawi zina amabisa ndi mayi. Manyazi a lero ndi aang'ono poyerekeza ndi a tsiku limene anthu achilendo adzabwere kudzayendera zipinda ana ali pomwepo.

Khalani pansi awirinu poyamba, kenako muitane ana akuluakulu, ankhoswe, ndi amalume ngati malowo akukhudza mbumba. Mutu umodzi susenza denga. Pamsonkhanowo pasakhale kuzengana milandu ya amene anadya ndalama. Imeneyo idzakambidwa nyumba itapulumuka. Funso likhale limodzi: tingasonkhe zingati pofika deti lakuti? Lembani zimene zingagulitsidwe, kuyambira zimene sizibweretsa ndalama: puloti yongokhala, galimoto yoima, njerwa ndi malata zimene munasungira nyumba ina, ng'ombe kapena mbuzi zina. Munda umene mumadyapo ndi zipangizo zimene mumapezera ndalama zikhale zomalizira.

Wachibale amene wathandiza ndi ndalama yambiri mulemberane, pakhale mboni, zidziwike ngati ndi mphatso, ngongole, kapena akugula gawo la nyumba. Abale ambiri adana pamaliro chifukwa cha ndalama yoperekedwa ndi mtima wabwino koma osalemba. Ndipo ndalama yochokera kwa ana a ku South Africa ndi bwino ilowe mwachindunji ku akaunti ya ngongole, isadutse m'matumba ambiri.

Ngati ntchito inakutherani ndipo munkasonkha penshoni, kafunseni kumene ndalama zanu zimasungidwa. Lamulo la penshoni la 2023 limapereka mpata kwa amene atha miyezi 3 osapeza ntchito ina kuti apemphe gawo la ndalama zawo. Ganizani mofatsa musanatero: ngati ndalamayo ingotseka miyezi iwiri nyumba n'kudzapitabe, mwataya ziwiri.

Nyumba idzilipirire yokha

Pa boma ndi kufupi ndi chipata nyumba yabwino yokhala ndi madzi ndi magetsi imapeza alendi: ogwira ntchito kuchipatala, aphunzitsi, apolisi, a zamisonkho, a mabungwe. Mabanja ena apulumutsa nyumba posamukira kuboyizikota kapena kumudzi kwa zaka ziwiri, nyumba yaikulu n'kuika alendi. Kutsika kumawawa, anthu amalankhula, koma dzina pa mapepala limakhalabe lanu. Yang'anani kaye m'pangano, chifukwa mapangano ambiri amafuna chilolezo cha banki musanachititse lendi nyumba yachikole. Muwerengenso moona: lendi ya kuno nthawi zambiri siyikwana yokha kubweza ngongole ya mamiliyoni ambiri, imangothandizira.

Kusamutsa ngongole

Banki ina kapena SACCO ingathe kukulipirirani ngongole yakale n'kutenga chikolecho. Izi zimatheka mukachita msanga, mbiri yanu isanaipe, chifukwa obwereketsa amafufuza dzina lanu ku mabungwe osunga mbiri ya ngongole monga Credit Data CRB, ndipo miyezi imene mwatsalira imaoneka kumeneko. Zimapindula pokhapokha chiwongoladzanja chatsopano chili chotsikirapo mutaphatikiza zolipira zonse zoyambira. Banki mkhonde ndi yothandiza pa ndalama yaing'ono yobweza msanga, koma chiwongoladzanja chake ndi cha pamwezi. Kutapa kumeneko kuti mutseke dzenje la mamiliyoni kumangogwetsa gulu ndi kudanitsa anthu opemphera pamodzi.

Kugulitsa nokha

Palibe amene amafuna kumva zimenezi, koma kwa mabanja ambiri iyi ndiyo njira imene imasiya kanthu m'manja. Nyumba yogulitsidwa ndi banki imadziwika kuti ndi yogulitsa mokakamizidwa, ndipo ogula amabwera ndi mitengo yotsika. Pamwamba pake amachotsapo za otsatsa malonda, za maloya, ndi chiwongoladzanja chonse cha miyezi imene nkhaniyo yakhala ikuyenda. Mukagulitsa nokha mumasankha wogula, mumanenerera, ndipo mumagwirizana tsiku lotuluka.

Nyumba yachikole simungaigulitse mwamseri, popeza mapepala ali kubanki ndipo chikolecho chinalembedwa m'kaundula wa malo. Lembani kalata yopempha chilolezo chogulitsa nokha ndi nthawi yochitira zimenezo, ndipo mupemphe chiwerengero cha ndalama yotsekera ngongole yonse pa deti lakutilakuti. Pezani katswiri wovomerezeka awerengere mtengo wa lero, chifukwa mtengo umene anawerengera kwacha isanagwe kawiri ndi wakale kwambiri. Wogula akapezeka, ndalama idutse kwa loya kapena ilowe kubanki mwachindunji, banki itenge zake, imasule mapepala, zotsala zibwere kwa inu. Ngati malo ndi a lizi ya boma, kusintha dzina kumafuna chilolezo cha unduna wa zamalo, ndipo ngongole ya msonkho wa malo iyenera kukhala yolipidwa. Zimenezi zimadya masabata, choncho yambani kalata yochenjeza ikangofika, osati miyezi itatu ikutha.

Ngati puloti ndi yaikulu, funsani ku ofesi ya zamalo kukhonsolo ngati ingadulidwe kuti mugulitse mbali imodzi yokha. Pamafunika chilolezo cha banki ndi anthu oyeza malo, koma ena apulumukira pomwepa.

Kodandaula

Ngati mukuona kuti banki yakulakwirani, monga kukuwerengerani ndalama zimene mulibe m'pangano, kukana kukupatsani sitetimenti, kapena kusayankha makalata anu, yambani ndi ofesi yawo ya madandaulo. Zikakanika, lamulo la Financial Services Act la 2010 linaika Gavanala wa Reserve Bank of Malawi kukhala woyang'anira mabanki, ma SACCO ndi mabungwe obwereketsa ndalama ovomerezeka, ndipo ofesi yake imalandira madandaulo a makasitomala. Nthambi yapafupi ndi ife ili ku Blantyre. Pitani ndi chikwama cha mapepala chija ndi kope lanu. Dziwani kuti iwo amaona ngati malamulo atsatidwa. Sangakakamize banki kukukhululukirani ngongole yoona, ndipo kudandaula kokha sikuimitsa masiku a m'kalata yochenjeza.

Kukhoti anthu amathamangirako kukatenga chiletso. Chiletso chimathandiza pamene pali cholakwika chenicheni: kalata yochenjeza simunapatsidwe, masiku sanakwane, chiwerengero cha ngongole n'cholakwika, siginecha ndi yabodza, kapena nyumba ikugulitsidwa pamtengo wopanda chilungamo. Koma ngati ngongole mukuivomera ndipo ndondomeko yatsatidwa, makhoti kawirikawiri salola kuti chiletso chikhale pobisalira. Chikachotsedwa mumapeza chiwongoladzanja chakula, ndipo mwina mulipiranso maloya a mbali zonse ziwiri. Loya wabwino amakuuzani zimenezi tsiku loyamba. Amene sangakwanitse kulipira loya apite ku Legal Aid Bureau, bungwe la boma lothandiza anthu ochepekedwa pa milandu. Kukhoti la majisitireti pa boma angakulozereni kofikira.

Katapila ndi madobadoba

Mbiri ikangomveka kuti nyumba yakuti ili pamavuto, alendo amayamba kufika. Wina akuti akupatsani ndalama lero lomwe yotsekera kubanki, mungosayina kapepala. Kapepalako mukakawerenga bwino kamanena kuti mwamugulitsa nyumba, ndipo "mudzaiwombola" mukabweza kawiri pakatha miyezi iwiri. Wina akuti ali ndi mnzake mkati mwa banki amene angasowetse fayilo yanu mukamupatsa kangachepe. Wina akuti ali ndi wogula wa ku Tete, koma muyambe mwapereka ya mafuta. Onsewa akudya pa mantha anu. Ngongole ya kubanki ili m'kompyuta, siyisowa ndi fayilo. Ndalama ya ngongole imalipidwa pakauntala kapena ku akaunti ya ngongoleyo, ndi lisiti, osati ku nambala ya foni ya munthu.

Musasayine pepala limene simunaliwerenge, kapena lokhala ndi mipata yosalemba. Musasiye chiphaso chanu cha unzika, khadi la kubanki kapena mapepala a malo m'manja mwa wobwereketsa wapamsika. Ngati munagwa kale m'manja mwa wakatapila, nkhani sinathe: lamulo la Loans Recovery Act limapatsa khoti mphamvu younikanso pangano la ngongole limene chiwongoladzanja chake n'chopyola muyeso ndi chankhanza, n'kuchitsitsa. Wakatapila alibe mphamvu yokhoma nyumba yanu, kuzula zitseko kapena kutenga katundu payekha. Akatero kanenani kupolisi.

Kumidzi ya kwa Kanduku, kwa Nthache ndi kwina, nyumba zambiri zili pa malo a makolo opanda lizi. Malo oterewa, maka kumene anthu amatsata chikamwini, ndi a mbumba, ndipo munthu mmodzi sangawapereke ngati chikole payekha ngakhale nyumba anamanga ndi iye. Wina akabwera ndi kapepala kakuti m'bale wanu anakoleka munda kapena malo a pamudzi, musakangane naye pakhomo. Nkhaniyo ipite kwa nyakwawa ndi kwa gulupu, ndipo mukafunsenso ku ofesi ya zamalo kukhonsolo, popeza kuchokera pamene lamulo la Customary Land Act la 2016 linayamba kugwira ntchito, mikangano ya malo a makolo ili ndi njira yake.

Wobwereka akamwalira, ndi za amene anaimira mnzake

Ngongole zambiri za kubanki zimakhala ndi inshuwalansi ya moyo imene wobwereka amalipira osadziwa n'komwe. Mwini ngongole akamwalira, ndipo nthawi zina akalumala, inshuwalansiyo imatha kulipira ngongole yotsala. Amayi amasiye ena avutika kubweza ngongole imene inayenera kufa pamodzi ndi mwini wake. Dziwitsani banki mwa kalata msanga, tengani chikalata cha imfa kudzera ku ofesi ya kalembera kwa DC, ndipo funsani mwachindunji kuti, "Kodi ngongoleyi inali ndi inshuwalansi?" Pamakhala malire a nthawi yoperekera zimenezi, choncho musadikire kumeta kapena kugawa chuma. Achibale ofuna kupezerapo mwayi wolanda nyumba adziwe kuti kulanda chuma cha masiye ndi mlandu pansi pa lamulo la chuma cha masiye la 2011.

Amene munapereka nyumba yanu kuimira ngongole ya m'bale kapena mnzanu, dziwani kuti nyumba yanuyo ingathe kugulitsidwa iye akalephera kubweza. Musadalire mawu ake akuti "ndikulipira, musadandaule." Pitani naye kubanki mukaone sitetimenti ndi maso anu, ndipo zonse zimene zalembedwa m'kabuku kano zikukhudzani.

Zikafika pogulitsa

Chidziwitso chikatuluka m'nyuzipepala, sungani tsambalo. Funsani mwa kalata mtengo wotsikitsitsa umene aika ndi pepala la amene anawerengera. Palibe choletsa inu kuuza anthu amene mukuwadziwa kuti akapikisane nawo. Ogula akachuluka mtengo umakwera, ndipo zotsala n'zanu. Ikagulitsidwa, pemphani chiwerengero cholemba: yagulidwa zingati, achotsapo chiyani ndi chiyani, zatsala zingati, zilowa liti ku akaunti yanu. Ngati ndalama sizinakwane, kambiranani za chotsalacho nthawi yomweyo, mupemphe kuti achidule kapena muzibweza pang'onopang'ono, ndipo mgwirizanowo ulembedwe.

Konzekerani kosamukira tsiku lisanafike, maka ngati pali ana a sukulu kapena odwala. Musazule malata, mawindo kapena mawaya a magetsi pochoka, chifukwa zimenezo zimabala mlandu wina. Wofuna kukutulutsani mokakamiza ayenera kudzera kukhoti, ndipo amene amabwera ndi asherifu okhala ndi chikalata cha khoti. Pemphani kuchiona, muwerenge dzina, nambala ya mlandu ndi deti.

Ngati kalata yochenjeza ili kale m'nyumba mwanu, itulutseni lero, muwerenge masiku amene atsala kuchokera tsiku limene munailandira, mulembe deti lomaliza pachikuto cha kope lija, ndipo madzulo ano muwauze akunyumba kwanu.